Kuchoka pa Vila Coutinho Kufika pa Google: Kukwera ndi Kutsika kwa Mayina a ku Angónia

Likulu la boma la Angónia, m'chigawo cha Tete, ndi tawuni imodzi koma mayina ake ndi ambiri. Pa mapu a Apwitikizi a m'ma 1960 panalembedwa Vila Coutinho. Pa makalata a boma la Mozambique lero mupezapo Ulónguè, pena Ulongué, malinga ndi yemwe wakhala pa kompyuta tsikulo. Olemba Chingerezi amachotsa timizere tapamwambato n'kutsala ndi Ulongue. Anthu a ku Dedza ndi ku Ntcheu, omwe amapitako kukagula nyemba ndi chimanga, amati Vila Ulongwe, ndipo ambiri amangodula n'kuti ku Vila. Kwa wapaulendo zonsezi si kanthu: akakwera galimoto pa chipata cha Calómuè, akafika basi. Mavuto amayamba munthu akafuna kuifufuza tawuniyo pa intaneti, poti makina ofufuzira amangodziwa zilembo zomwe wawapatsa.

Kunja kuno kuli anthu omwe chakudya chawo chimachokera pa kulondola zilembo zoterezi. Amasankha mawu omwe anthu amakonda kulemba akamafufuza chinthu, kenako amaona kuti tsamba la kampani kapena bungwe lawo latuluka pa nambala yanji pa mndandanda wa zomwe makinawo apeza: pa 1, pa 7, kapena pa 40 komwe safikako munthu. Nambalayo amailemba lero, mawa, sabata yamawa, mpaka pa pepala pazioneka mzere wokwera ndi kutsika. Ntchitoyi ndi nthambi ya zomwe amazitcha SEO, ndipo yatha zaka pafupifupi 30. Mpikisano wa mayina ku Angónia ndi wakale kuposa pamenepo, ndipo woudziwa amamvetsa msanga zomwe mizere ya akatswiriwa imaona ndi zomwe imaphonya.

Dzina la bomalo palokha ndi la obwera. Dera lokwerali, lomwe mu June ndi July kumazizira mpaka munthu kufuna moto masana, linali la Achewa ndi abale awo a Chimaravi kwa zaka mazanamazana. Angoni a kwa Maseko anachokera kummwera, nawoloka Zambezi, nakafika mpaka ku Songea m'dziko lomwe lero ndi Tanzania. Atathamangitsidwa kumeneko anabwerera n'kudzakhazikika m'mbali mwa phiri la Domwe cha m'ma 1870, patsogolo pali Chidyaonga, ndipo pambuyo pake ufumu unapita kwa Chikuse. Masiku amenewo dzina lomveka kutali, lomwe anthu ankalitchula ndi mantha, linali Domwe. Sipanapite mibadwo yambiri, ana a Angoniwo anali akulankhula Chichewa cha amayi awo, ndipo chilankhulo cha makolo chinatsalira m'nyimbo za ngoma ndi m'ziwongo. Koma Apwitikizi atabwera ndi cholembera anatola dzina la olamulira n'kulimata mchira wa kwawo: Angónia, monga anachitiranso ndi Marávia, boma lina la m'chigawo chomwecho lomwe dzina lake likuchokera ku Maravi.

Pangano la Britain ndi Portugal la pa 11 June 1891 linadutsitsa malire pamsana pa mapiri, pomwe madzi a mvula amagawikana, ndipo ufumu wa Maseko unang'ambika pakati. Mfumu Gomani woyamba anaphedwa ndi asilikali a Britain mu 1896, mbumba yake n'kupitiriza ufumu ku Ntcheu. Tsidya la Apwitikizi dzina lomwe linatsala pamwamba ndi la mfumu Zintambira. Kuyambira pamenepo mbiri ya anthu amodzi inayamba kulembedwa m'zilankhulo ziwiri ndi kusungidwa m'makabati awiri, ina ku Zomba, ina ku Tete ndi ku Lourenço Marques. Miyulu iwiri ya mapepalayi ndi yomwe pambuyo pake inakwezedwa pa intaneti. Wofufuza ndi mawu a Chingerezi amagwera mulu wina, wofufuza ndi Chipwitikizi amagwera mulu winawo, ndipo aliyense amabwerako akuganiza kuti waona nkhani yonse.

Amishoni nawo anawonjezera mayina awo. Mpingo wa Dutch Reformed unatsegula mishoni ya Mphatso mu 1909, ndipo boma la Apwitikizi linaitseka mu 1922. Ansembe a Chijezwiti anamanga ku Lifidzi m'zaka zomwezo, kenako ku Fonte Boa m'ma 1940. Amishoni ankalemba tsiku ndi tsiku: mabuku a ubatizo, makalata opita kwawo, malipoti a sukulu. N'chifukwa chake mayina a mishoni ndi olemera pa mapepala kuposa midzi yomwe inali ndi anthu ambiri kuposa mishonizo. Amuna omwe ankathawa chibalo ndi msonkho kulowera ku Nyasaland, kapena kupita kukagwira ntchito m'mafamu a ku Southern Rhodesia, anasiya zochepa kwambiri zolembedwa ndi manja awo.

Ufulu utabwera pa 25 June 1975, boma la Frelimo linasesa mayina a atsamunda. Lourenço Marques anasanduka Maputo, Vila Pery anasanduka Chimoio, Vila Cabral anasanduka Lichinga, Porto Amélia anasanduka Pemba, ndipo Vila Coutinho anasanduka Ulongwe. Oyandikana nawo anali atachita kale zomwezo: Fort Jameson anakhala Chipata, Port Herald anakhala Nsanje. Koma dzina silifa tsiku lomwe nduna yasaina. Mpaka lero tikiti ya ndege yopita ku Chimoio imalembedwa VPY, ya ku Lichinga VXC, zilembo zomwe zikukumbutsabe Vila Pery ndi Vila Cabral m'makompyuta a makampani a ndege. Vila Coutinho naye akadalipo m'ziphaso zakale za kubadwa, pa mapu akale, ndiponso m'zikumbutso za Apwitikizi omwe anakhalako kapena kugwirako ntchito ya usilikali, anthu omwe anafika pa intaneti zaka zambiri eni dera asanafikepo.

Kenako dzina la Angónia linayamba kuyenda limodzi ndi mawu ena. Chakumapeto kwa ma 1970 linkamveka ndi CAIA, kampani yaikulu ya boma ya zaulimi yomwe inatenga minda ya Apwitikizi othawa. M'ma 1980 zinthu zinafika pa mwana wakana phala: nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inakuta chigawo chonse, midzi inatsala mabwinja, ndipo dzinalo linkatuluka m'malipoti a mabungwe a othawa kwawo. Malawi anasunga anthu a ku Mozambique opitirira 1 miliyoni, ndipo ambiri a ku Angónia anangowoloka msewu kupita kwa abale awo ku Dedza ndi ku Ntcheu. Pa 30 October 1985 ansembe awiri a Chijezwiti, João de Deus Kamtedza ndi Sílvio Alves Moreira, anaphedwa ku Chapotera, dzina lomwe lero limadziwika kutali chifukwa mpingo ukulilembabe. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, anthu anabwerera, ndipo katswiri wa zachikhalidwe Harri Englund analemba za moyo wa m'malire a Dedza ndi Angónia m'buku lake la mu 2002, From War to Peace on the Mozambique-Malawi Borderland. Kuchokera pamenepo mawu oyenda ndi dzinali ndi fodya, mbatatesi, chimanga ndi nyemba. Ulongwe anakhala ndi khonsolo yakeyake mu 2008, ndipo Universidade Zambeze inaika sukulu yake ya zaulimi komweko.

Nyengo iliyonse inasiya mulu wake wa zolemba, ndipo pafupifupi mulu uliwonse unalembedwa ndi mlendo. Makina ofufuzira atabwera, ndi miyulu imeneyi yomwe anaipeza.

Makina oyambirira, monga AltaVista ya mu 1995, ankadalira kwambiri kuwerenga kuti liwu lomwe munthu akufuna latchulidwa kangati pa tsamba. Ochenjera sanachedwe: ankabwereza liwu limodzi kambirimbiri ndi zilembo zoyera pa tsamba loyera, munthu osaziona koma makina n'kumaziwerenga. Google, yomwe Larry Page ndi Sergey Brin anaikhazikitsa mu 1998, inabwera ndi njira ina yotchedwa PageRank. Tsamba linkakwera malinga ndi kuchuluka kwa masamba ena omwe akuloza kwa ilo, komanso kulemera kwa masamba olozawo. Zili ngati mlandu wa malire a munda pa bwalo la mfumu: amapambana si wolankhula kwambiri, koma yemwe mboni zake ndi zambiri ndiponso zolemekezeka. Njirayi inali yabwino kuposa yakale, koma kwa dera ngati Angónia inali ndi msampha wake. Mboni zolemekezeka pa intaneti ndi mayunivesite, manyuzipepala akuluakulu ndi mabungwe a kunja, ndipo amenewa amalozerana okhaokha.

Eni mabizinesi a ku America ndi ku Ulaya anazindikira msanga kuti tsamba loyamba la Google ndi ndalama, ndipo lachiwiri ndi manda. Mapulogalamu olondola nambala, monga WebPosition Gold, anayamba kugulitsidwa chakumapeto kwa ma 1990. Ntchito yawo inali kufunsa makina ofufuzira mafunso omwewo nthawi ndi nthawi n'kusunga mayankho. Kumayambiriro kwa ma 2000 Google inkasanja mndandanda wake pafupifupi kamodzi pa mwezi, ndipo masiku osanjawo manambala ankadumphadumpha mpaka anthu anawatcha Google Dance. Mu November 2003 kusintha komwe anakupatsa dzina loti Florida kunagwetsa masamba a masitolo ambiri Khirisimasi ili pafupi, eni ake osadziwa chomwe alakwa. Mu February 2011 kunabwera Panda, yolanga masamba opanda nkhani yeniyeni, ndipo mu April 2012 kunabwera Penguin, yolanga omwe ankagula mboni zabodza. Aliyense wosunga mzere wa zaka zimenezi ali ndi maphompho pa masiku omwewo, ndipo apa ndi pomwe pali phunziro lalikulu la ntchitoyi: nambala ikagwa, nthawi zambiri si anthu omwe asintha maganizo, koma kampani yasintha muyeso.

Nambalayo payokha inayamba kuterera. Kuyambira December 2009 Google inayamba kupatsa aliyense zotsatira zogwirizana ndi zomwe wakhala akufufuza. Mu October 2011 inayamba kubisira eni masamba mawu omwe alendo awo alemba kuti afike pa tsambalo, ndipo pofika 2013 pafupifupi onse anali obisika. Mu October 2017 inayamba kutsata komwe munthu ali, osati dzina la dziko lomwe walemba kumapeto kwa adiresi. Lero mwini tsamba amaona nambala yapakatikati chabe mu Search Console ya Google, ndipo mbiri yake imabwerera m'mbuyo miyezi 16 yokha. Yemwe akufuna mzere wa zaka khumi ayenera kusunga yekha, mwezi ndi mwezi.

Palinso Google Trends, yomwe inatulutsidwa mu 2006 ndipo imabwerera m'mbuyo mpaka 2004. Iyi siyeza masamba, imayeza kufunidwa kwa mawu. Sipereka chiwerengero chenicheni cha ofufuza. Imatenga nthawi yomwe liwu linafunidwa kwambiri n'kuipatsa 100, zina zonse n'kuziyeza ndi pamenepo, ndipo ofufuza akachepa kwambiri imalemba 0 kapena kunena kuti palibe zokwanira kuonetsa. Ziro ameneyo sakutanthauza kuti palibe wofuna chinthucho. Ngakhale komwe intaneti ili ponseponse, kudalira kwambiri mizereyi kunagwetsapo eni ake m'manyazi: Google Flu Trends, yomwe inayamba mu 2008 kulosera za chimfine potengera zomwe anthu akufufuza, inakokomeza kwambiri matendawa ku America m'nyengo ya 2012 ndi 2013, ndipo inatsekedwa mu 2015.

Nanga zipangizo zimenezi zikafika pa msewu wa M1 pa Lizulu, pomwe mbali ina ndi Malawi, mbali ina ndi Mozambique, zimaona chiyani? Mafoni a m'manja anayamba ku Mozambique ndi mcel mu 1997, Vodacom inalowa mu 2003, koma kumidzi yambiri netiweki inafika ndi Movitel, yomwe inayamba mu 2012. Choncho zaka zoyambirira za mzere wa Trends ndi zaka zomwe mlimi wa ku Domwe analibe pofufuzira. Lero mafoni alipo, koma m'malire muno munthu mmodzi amatha kuyenda ndi masimukhadi awiri, ina ya Movitel kapena Vodacom, ina ya Airtel kapena TNM, monga amayendera ndi metikali m'thumba lina, kwacha m'thumba lina. Akafufuza ndi simukhadi ya ku Malawi ali m'munda mwake ku Angónia, makina akhoza kumuwerengera ku Malawi. Ndipo mafunso ake ambiri sapita kwa Google n'komwe. Akafuna kudziwa mtengo wa thumba ku Tete kapena ku Lilongwe amaimbira mlamu wake, kapena amatumiza mawu ojambula pa WhatsApp, komwe pulogalamu yolondola nambala sifika.

Mbewu yomwe yatchukitsa derali ili ndi mayina anayi pa msika umodzi: mbatatesi, kachewere, batata-reno kwa wogula wochokera ku Tete kapena ku Beira, ndi Irish potato pa lipoti la bungwe. Chilankhulo chomwe akugulitsira nacho chilinso chimodzimodzi. Ku Malawi chinasinthidwa dzina kuchoka pa Chinyanja kukhala Chichewa mu 1968, pa ulamuliro wa Kamuzu Banda. Ku Zambia chinatsala Chinyanja. Ku Mozambique akatswiri a zilankhulo amalemba Cinyanja, ndipo ndi dzina limenelo chinalowa m'sukulu zina pomwe boma linayamba kuphunzitsa ana m'zilankhulo ziwiri mu 2003. Google Translate inachilandira mu December 2014 pa dzina la Chichewa. Ofufuza ochepa omwe alipo amamwazikana m'mayina onsewa, ndipo liwu lililonse palokha limaoneka laling'ono kuposa mmene nkhaniyo ilili. Ngakhale dzina la chigawo silithandiza: Tete, timizere tikachoka, limafanana ndi liwu la Chifalansa lotanthauza mutu komanso dzina la osewera mpira wa ku Brazil. Pomwe chigawochi chinadzaza manyuzipepala a kunja, nkhani inali malasha a ku Moatize, omwe Vale inayamba kukumba mu 2011, osati minda ya kumapiri yomwe imadyetsa okumbawo.

Komatu kulondola kukwera ndi kutsika kwa zinthu si kwachilendo ku Angónia. Kwakhala kukuchitika ndi kope ndi cholembera. Mu 1991, nkhondo isanathe, unduna wa zaulimi ku Mozambique, mothandizidwa ndi Michigan State University, unakhazikitsa SIMA, njira yosonkhanitsira mitengo ya mbewu m'misika. Kalata yake ya sabata ndi sabata imatchedwa Quente-Quente, ndipo Angónia ndi umodzi mwa misika yomwe imatuluka m'menemo. Wolemba mitengo amazungulira pa msika, kufunsa mtengo wa chitini cha chimanga, wa nyemba, wa mtedza, kenako n'kusandutsa zitinizo kukhala makilogalamu kuti mtengo wa ku Ulongwe ufanizidwe ndi wa ku Chimoio kapena ku Maputo. Kuyambira 2004 bungwe la FEWS NET linaikanso anthu m'malire a mayiko a kuno kummwera kuti aziwerenga matumba owoloka mosadzera ku kasitomu, ambiri mwa iwo atamangidwa pa njinga yomwe mwini wake akuikankha poti kupalasa sikungatheke.

Mzere wotuluka m'makope amenewa uli ndi tanthauzo lomwe mlimi aliyense angaliwerenge. Mtengo umagwa nthawi yokolola, kuyambira April mpaka June, n'kukwera nkhokwe zikamapepuka, kuyambira December mpaka February. Njala ikagwa ku Malawi, monga mu 2002 ndi mu 2005, ogula amakhamukira kumalire a Mozambique ndipo mtengo umalumpha. Njirayi ili ndi zofooka zake: wogulitsa akhoza kutchula mtengo wokwera akaona kope, ndipo zitini sizifanana kukula. Koma muyeso wake ndi wodziwika, sausintha mwakabisira usiku umodzi, ndipo yemwe akuyezedwa ndi munthu woima pa msika, osati yekhayo amene ali ndi foni yodula ndi ndalama ya bandulo.

Izi sizikutanthauza kuti tsamba loyamba la Google n'lopanda ntchito kwa anthu a kumapiri kuno. Wogula mbewu wa ku Beira, wophunzira wa ku Zomba, mwana wa ku Angónia wobadwira ku Harare kapena ku Johannesburg yemwe akufuna kudziwa kwawo, onsewa amayambira pomwepo. Kuyambira 2024 Google inayambanso kuika yankho lolembedwa ndi makina pamwamba pa mndandanda, ndipo yankholo limapangidwa kuchokera m'zolemba zomwe zilipo kale. Zolembazo zikakhala za amishoni, asilikali ndi mabungwe okhaokha, yankho lidzakhalanso lawo. Gule Wamkulu, yemwe UNESCO inamulemekeza mu 2005 m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia, amafotokozedwa kwambiri kuchokera ku mbali ya Malawi, ngakhale madambwe a ku Angónia sanasiye kugwira ntchito.

Mwayi ulipo, ndipo ndi wotsika mtengo. Pa mawu omwe makampani akuluakulu sakulimbirana, tsamba limodzi lolembedwa bwino silivutika kukwera. Aphunzitsi a Cinyanja, ophunzira zaulimi a ku Ulongwe, alembi a mipingo ndi a mabungwe a alimi ali ndi makope odzaza mitengo, mayina a midzi, mibadwo ya mafumu ndi masiku a mvula yoyamba. Aziike pa intaneti m'chilankhulo chomwe anazimvera, aikepo dzina la mudzi ndi deti, ndipo asaiwale kusunga kope lawolo.